Mall ina ikumangidwa: nanga ise a pa basi tilowera pati?

Mukakwera basi pa Kulima Tower kupita ku Chelstone, yesani kuwerenga ma mall amene mupitirira pa Great East Road. Manda Hill, Arcades, East Park, musanafike n'komwe pa Munali. Ku Kafue Road nakonso kuli Cosmopolitan ndi Makeni Mall. Pamene Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, ine ndinali ndisanayambe sukulu, ndipo akuluakulu amati kupitako kunali ngati ulendo wa kunja kwa dziko. Manje paliponse pamene aika mpanda wa malata, akondakita amayamba kale kuseka kuti "apa napo ni mall".

Sindidzanama, ine ndimapitako. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo magetsi akumazima pafupifupi tsiku lonse, ku mall ndi kumene ena a ise tinali kucajira foni ndi kulemba nkhani, cifukwa majenereta awo sanali kugona. Kuli zimbudzi zaukhondo, mabanki ndi ma ATM pamalo amodzi, sinema, ndi malo oseweretsa ana pa Sande. Mayi angayende ndi cikwama cake osacigwira ndi manja awiri monga timacitira pa Lumumba. Nchito nazonso zilipo: pa till, mu khicini, ulonda, kukolopa. Nyama ya mu Shoprite ndi ya Zambeef, kampani ya kuno kwathu, ndipo alimi ena amagulitsa ndiwo zamasamba ku masitolo akuluakuluwa. Zimenezi si zocepa mu mzinda umene acinyamata ambiri amayenda ndi ma CV mu envulopu.

Koma imani pa geti muone bwino. Malo aakulu kwambiri pa mall ni a magalimoto. Ise amene timabwera pa basi, amene ndife ambiri, amatitsitsa m'mbali mwa msewu, pamalo ocepa pamene mabasi atatu akaima ndiye kuti jamu yayamba. Ndiye tiwoloke, tidutse pakati pa magalimoto, mvula kapena dzuwa. Pa Arcades boma linacita kumanga flyover kuti magalimoto aziyenda, koma woyenda pansi amangodzionera yekha. Ndipo ndimaganizira mtsikana wa pa till amene amaweruka usiku, mabasi atacepa kale, kwawo kuli ku Kanyama kapena ku Chawama. Akakwera takisi, malipiro a tsikulo athera pa msewu.

Nkhani ina ni lendi. Eni ma mall ambiri akhala akuwerengera lendi mu madola. Boma linaletsapo kulipiritsa mu ndalama zakunja mu 2012, koma lamulolo linacotsedwa mu 2014. Wamalonda amagulitsa mu kwacha, lendi ikuyendera dola. Kwacha ikagwa, lendi yakwera iye asanagulitse ngakhale nsapato imodzi. Sitolo yaikulu ya ku South Africa ingapirireko, ngakhale zina za zovala zinatseka n'kubwerera kwawo. Koma mzimayi wa pa Lusaka amene anatenga loni kuti atsegule saluni sakhalitsa. Yendani mu ma mall ena mkati mwa sabata, mudzaona mawindo omatidwa mapepala ndi nambala ya foni ya ofuna kucita lendi. Anthu okhala ndi ndalama zogulira ku mall sakuculuka liwiro limene ma mall akuculukira. Makasitomala ni omwewo, amangosamukira kumene kwatsegulidwa catsopano.

Mwina muganiza kuti zikagwa n'za eni ake olemera. Iyayi. Levy Junction inamangidwa ndi NAPSA, ndipo Society Business Park pa Cairo Road nayonso n'ja NAPSA. Izi ni ndalama zimene amadula pa malipiro a wanchito mwezi uliwonse kuti akadye atapuma. Mu 2024 Society Business Park inatsekedwa ndipo ocita lendi anauzidwa kutuluka cifukwa ca mavuto a kamangidwe. Cinyumba cikakhala cotseka sicibweretsa lendi, ndipo amene ataya ni uja amene payslip yake imaonetsa NAPSA. East Park ili pa malo a UNZA. Kumeneko funso n'lakuti yunivesite ikupeza zingati, ndipo ana a sukulu amene amagona mothinana akuonapo ciani.

Cimene cimandiwawa maningi n'cakuti mzinda umathamangira kumanga kumene kuli magalasi, koma kumene ambiri timagula kumadikira. City Market inapsa mu July 2017. Kumayambiriro kwa 2018, kolera itavuta, asilikali anacotsa ogulitsa m'misewu ya mu town, ndipo ambiri analibe kopita. Tomato, kapenta, makala ndi salaula za banja la pa komboni zimacokera ku Soweto ndi pa tuntemba, osati ku mall. Mvula ikagwa ku Soweto mumayenda m'matope mpaka m'akakolo, pamene pa car park ya mall pali pouma.

Ine sinditsutsa kumanga. Koma khonsolo isanasaine pulani ya mall ina, iuze omangawo kuti aike siteshoni yeniyeni ya mabasi mkati mwa mpanda, ngalande zimene sizitayira madzi ku komboni yapafupi, ndi mashopu ang'onoang'ono a lendi ya mu kwacha. Sabata yatha ndinatsika pa mall ina ndi mayi wina wacikulire atasenza thumba la mbatata. Anati apita kukalipira ku banki. Mlonda anamuuza kuti thumbalo silingalowe, ndipo pa geti panalibe posiya katundu. Mayiyo anaima pang'ono, n'kuwolokanso msewu kukadikira basi yobwerera.