Kalata yoyamba ya mlendo

Mwezi wathawu tinalandira kalata yochokera ku South Korea. Walemba ndi mnyamata wa kwathu, cha kumwera kwa Mzimba, amene mpingo wake wamutumiza ku Seoul kukaphunzira za ubusa n'kumathandizanso pa mpingo wina wa kumeneko. Pomwe amalemba n'kuti atangothako milungu itatu, koma masamba anadzaza anayi.

Akuti nsapato zimatsala pakhomo, ngakhale m'malo ena odyera. Usiku woyamba anamuyalira pansi, ndipo anadzuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti kumeneko nyumba amazitenthetsa ndi mapaipi a madzi otentha odutsa pansi pa simenti. Kimchi, kabichi wosasitsa uja wothira mchere, adyo ndi tsabola, anamuyesa ndiwo zowonongeka, n'kumudya chifukwa cha ulemu basi. Koma chimene chamupweteka mtima ndi sitima yoyenda pansi pa nthaka: anthu ali thithithi, aliyense maso pa foni, wopereka moni palibe. Ndipo munthu wongokumana naye kumene, m'malo mofunsa za kumudzi, akufunsa zaka zake zobadwa. Pomaliza m'bale wathuyu wagamula kuti anthu a kumeneko ndi akhama pa ntchito koma umunthu alibe.

Kalatayi tinaikonda, chifukwa muli maso atcheru ndiponso muli kupukwa kumene tonsefe tikukudziwa. Komabe tasankha kuisunga kaye. Chifukwa chake n'chakuti ife a ku Mzimba tinalembedwapo ndi alendo ongofika kumene, ndipo zimene analembazo zikuwerengedwabe m'malaibulale a maiko amene tikukhalamo lero.

Pa 5 April 1885, Lamulungu la Pasaka, Horace Underwood, mnyamata wa zaka 25 wa mpingo wa Presbyterian ku America, anatsika chombo padoko la Jemulpo, lomwe lero ndi Incheon, kudzayamba ntchito ya umishonale ku Korea. Chaka chomwecho Dr Walter Elmslie wa ku Scotland anafika pa Njuyu, m'dziko la Inkosi M'mbelwa. Buku limene Elmslie anatulutsa mu 1899 analitcha Among the Wild Ngoni, ndiye kuti makolo athu anawapachika dzina la anthu olusa pachikuto pomwe. Mkazi wa Underwood, Lillias, naye mu 1904 anatulutsa lake, Fifteen Years Among the Top-Knots, mtundu wonse wa anthu n'kuutchula ndi tsitsi limene amuna ankamanga pamwamba pa mutu. Diso la mlendo limathamangira zoterozo. Kwathu linaona chishango ndi mkondo, uko linaona tsitsi. Mwambo wa pabwalo, momwe madoda ankamvera mbali zonse asanagamule mlandu, diso lothamanga silingauone.

Elmslie pa Njuyu anapezapo kale munthu wina amene sitimutchula mokwanira. William Koyi anali Mxhosa wophunzira ku Lovedale ku South Africa, ndipo anabwera kudziko lathu mu 1876 pamodzi ndi anzake atatu. Chilankhulo chake chinali pafupi ndi Chingoni, chija makolo anawoloka nacho Zambezi mu 1835. Iye ankatha kukhala pansi ndi akuluakulu, kudziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yotseka pakamwa, mpaka Angoni anamutcha Umteteleli, kutanthauza mkhalapakati. Anamwalira pa Njuyu mu 1886. Abale amene muli ku Joni, taganizani: ulendo umene mabasi athu amayenda kuchoka pa Mzimba Boma, kudutsa pa Jenda kulowera kumwera, munthu wa ku South Africa komweko anauyamba molowera kwathu, kudzakhala mlendo pakati pathu, ndipo anaikidwa m'nthaka yathu.

Koma amene nkhani yake imandikhudza kwambiri ndi Donald Fraser. Anafika mu 1896 ali ndi zaka 26, msinkhu wa mnyamata wathu wa ku Seoul yemweyu. Anayambira ku Ekwendeni, kenako Hora, ndipo mu 1902 anakakhazikitsa mishoni ya Loudon, imene tonse timaidziwa kuti Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku. Tisamupake mafuta. Buku lake la 1914, Winning a Primitive People, mutu wake ukutinena kuti ndife anthu otsalira, ndipo mawuwo amabaya mpaka lero. Anali mwana wa nthawi ya atsamunda ndipo zina za nthawiyo sanazivule. Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake ambiri n'chakuti anatchera khutu. Anamva ingoma, anamva nyimbo za paukwati ndi zotamanda mafumu, ndipo m'malo moziletsa zonse analimbikitsa anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula kuti apeke nyimbo za m'tchalitchi pa mayimbidwe a makolo. Pa misonkhano ikuluikulu ya ku Loudon pankakhala mpikisano wa nyimbo zatsopano. Amishonale ena ankamuyang'ana ndi diso lofiira poganiza kuti akulekerera zachikunja.

Ine ndinakulira kufupi ndi kumeneko. Ndikakumbuka Lamulungu la mgonero, ndimaona amayi anga atavala yoyera ya Umanyano, wotsogolera nyimbo akuiponya yekha m'mwamba, mpingo wonse n'kuilandira pansi ndi mawu olemera, mapazi akugunda okha popanda wowauza. Ndili mwana ndinkayesa kuti Akhristu onse padziko amaimba choncho. Ndinadzazindikira ndili kunja kuno kuti mayimbidwe aja anapulumuka chifukwa makolo athu anakana kuwataya, komanso chifukwa mlendo mmodzi anakhalitsa mpaka maganizo ake oyamba anasungunuka. Anthu anamutcha Chisekeseke chifukwa cha kumwetulira kwake. Atamwalira ku Scotland mu 1933, phulusa lake linabwerera ku Embangweni. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono kwa m'bale wathu wa ku Seoul, ndi kwa nonse amene mwangotsika ndege kwinakwake, tikuti dikirani pang'ono. Munthu wa ku Korea akakufunsani zaka, akufuna adziwe mawu aulemu oyenera kukulankhulirani, pakuti chilankhulo chawo chimasintha malinga ndi msinkhu wa amene ukulankhula naye. Kodi si zomwezo timachita ife pofunsa chiwongo, kuti tikalandira madzi tithokoze bwino kuti yewo a Jere, yewo a Tembo? Mudzaona kuti popereka chinthu kwa wamkulu amagwiritsa manja awiri, kapena dzanja lina limagwira mkono, ndendende momwe agogo anatiphunzitsira. Moni wao wina ndi funso lakuti kodi mwadya, ndipo mawu akuti bap amatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chonse, monga ife timanenera kuti sitinadye ngati nsima sinalowe m'kamwa. Chisanu chikamayandikira, cha mu November, mabanja ndi anansi amasonkhana kukonza kimchi wa miyezi yozizira, ntchito yofanana ndi ya amayi athu akamafutsa ndiwo za chilimwe. Pa chikondwerero cha Chuseok misewu yochoka mu Seoul imadzaza ndi anthu opita kumudzi kukaona makolo ndi kukalambula manda. Aliyense amene anakwerapo basi ya December kuchoka ku Joni, kapena anasungira tchuthi chake Umthetho wa ku Hora mu August, sangaitche mitima yotere youma. Ndipo poti ndinu wa mpingo, dzukani m'bandakucha mukaone anthu omwe aja osalankhula m'sitima akupemphera mofuula kusanache.

Pali chinanso chimene ambiri sitichidziwa. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inasiya dziko lija lili pa umphawi wadzaoneni. Kuyambira 1963 South Korea inayamba kutumiza anyamata ake kukakumba malasha ku West Germany, ndipo anamwino nawo anapita ambirimbiri, onse akutumiza ndalama kumudzi. Nawonso anali ndi Wenela wao, anali ndi matchona ao. Gogo amene wakhala moyang'anizana nanu m'sitima, osakupatsani moni, mwina mlongo wake anakalamba m'dziko la eni akuphunzitsa ang'ono ake ndi ndalama za mumgodi. Ndipo mwa anthu omwewo munachokera namwino Baek Young-sim, amene anakhala zaka zambiri akutumikira odwala m'Malawi mpaka chipatala cha Daeyang Luke chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2008. Naye ayenera kuti anali ndi zonena zake atangolawa nsima koyamba.

Sitikunena kuti kwa eni zonse n'zosalala ayi. Amene anali ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015 akudziwa kuthawa ndi chovala cha m'thupi chokha. Ena mwakanizidwa nyumba chifukwa cha khungu, ena mwaberedwa malipiro. Zoterozo tilembereni tsiku lomwelo ndipo tidzazisindikiza osabisa kanthu. Chimene tikudandaula nacho ndi chizolowezi chathu chogamula mtundu wathunthu tisanathe n'komwe kupereka moni m'chilankhulo chao. Kale kalata inkayenda mwezi, munthu n'kukhala ndi mpata wosintha maganizo. Lero uthenga wa mawu pa WhatsApp umafika ku Edingeni, ku Mabilabo ndi ku Khosolo dzuwa lisanalowe, ndipo mwana amene akuumvera pakhonde adzakula akukhulupirira kuti ku Korea kulibe umunthu, chifukwa amalume ake anatero ali ndi milungu itatu yokha.

Mnyamata wathu tamuyankha. Tamuthokoza, tamulimbitsa mtima pa za chisanu, ndipo tamupempha kuti adzatilemberenso chipale chikadzasungunuka. Tamufunsa kuti adzatiuze ndani anali woyamba kumuitanira kunyumba kukadya, anakhala pati, ndipo anathokoza ndi mawu otani. Ikadzafika, kalata zonse ziwiri tidzaziika pa tsamba limodzi, iye mwini akadzalola.