Kulipira awiri pakati pa anthu chikwi ogwira ntchito mongodzipereka: mkangano wa Debian

M'mwezi wa Seputembala chaka cha 2006, kagulu kotchedwa Dunc-Tank kadalengeza kuti katolera ndalama zolipira anthu awiri kuti agwire ntchito ya Debian mwezi wathunthu aliyense, osagwira ntchito ina. Ndalamayo idali yosapitirira madola 6,000 a ku America pa munthu mmodzi, yochepa ndithu poyerekeza ndi malipiro a m'makampani akuluakulu a makompyuta. Komabe idautsa mkangano woopsa, mpaka mamembala adachita chisankho chofuna kuchotsa mtsogoleri wawo pampando.

Debian ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ya m'gulu la Linux, yomwe a Ian Murdock adayambitsa m'chaka cha 1993. Munthu aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kugawira anzake popanda kulipira. Palibe kampani yomwe ndi mwini wake. Pa nthawi ya mkanganowo, inkakonzedwa ndi akatswiri pafupifupi chikwi a m'maiko osiyanasiyana, ambiri mwa iwo usiku ndi kumapeto a sabata akaweruka ku ntchito zawo. Ubuntu, yomwe a Mark Shuttleworth a ku South Africa adakhazikitsa m'chaka cha 2004, idamangidwa pa maziko a Debian, kotero chilichonse chochitika m'gululi chimafika kwa ogwiritsa ntchito Ubuntu m'masukulu ndi m'maofesi a m'chigawo chino.

Vuto lomwe Dunc-Tank inkafuna kuthetsa lidali lenileni. Debian idatchuka ndi kuchedwa: kuchokera pa mtundu wotchedwa woody wa mu Julaye 2002, padapita pafupifupi zaka zitatu kuti sarge ituluke mu Juni 2005. Mtsogoleri wa nthawiyo, a Anthony Towns a ku Australia, ankafuna kuti mtundu wotsatira, etch, utuluke pa 4 Disembala 2006. Iwo adaganiza kuti a Steve Langasek ndi a Andreas Barth, omwe ankayang'anira kutulutsidwa kwake, atapatsidwa mwayi woika mtima wonse pa ntchitoyo, tsikulo likhoza kukwaniritsidwa. Ganizo logwiritsa ntchito thumba la Debian lenilenilo litakanidwa ndi ena, ndalama zidafunidwa kwa anthu akufuna kwabwino kudzera m'kagulu kapadera.

Apa ndi pomwe padagona nkhani. Dunc-Tank inkati ndi yoima payokha, koma pakati pa oitsogolera padali mtsogoleri wa Debian yemweyo. Ambiri sadathe kusiyanitsa nthawi imene a Towns ankalankhula ngati mtsogoleri wosankhidwa ndi mamembala onse ndi nthawi imene ankalankhulira kagulu kawo. Mu Okutobala 2006 ganizo lowachotsa lidagonja ndi mavoti ochuluka kwambiri, koma mitima siidakhale pansi. Akatswiri 17 adasainira chikalata chodandaula kuti dongosololi lagawa gulu pawiri, olipidwa ndi osalipidwa, ndiponso lafooketsa anthu omwe akhala akutumikira kwa zaka zambiri popanda kulandira kalikonse. Kalata ya nkhani za Debian yomwe inkatuluka sabata ndi sabata idayamba kudumphadumpha. Ena adayambitsa kagulu konyodola kotchedwa Dunc-Bank, komwe kankafufuza mwakhama zolakwika zazikulu mu etch, ntchito yothandiza koma yochedwetsa.

Etch idatuluka pa 8 Epulo 2007, patapita miyezi inayi kuchokera pa tsiku lolonjezedwa.

N'kosavuta kunena kuti ndalama ndi zimene zidaononga zinthu, koma mfundoyi ndi yoperewera. Ngakhale mu 2006, akatswiri ena a Debian ankalandira kale malipiro kuchokera ku makampani ndi masukulu a ukachenjede omwe ankawalola kugwira ntchitoyi pa nthawi ya ofesi, ndipo palibe amene ankadandaula. Chidawawa anthu n'chakuti ndalamazi zidaoneka ngati zikuchokera m'nyumba mwenimweni, ndipo zidapita kwa anthu awiri okhala kale ndi maudindo, pa ntchito yomwe siingatheke popanda thukuta la mazana ena. Woyang'anira sangatulutse pulogalamu yekha. Amadikira kuti ena akonze zolakwika. Kulipira kapitawo pomwe olima akungodzipereka ndi njira yachidule yochepetsera makasu m'munda.

Umboni wake udadza patapita zaka zisanu ndi ziwiri. M'chaka cha 2014 padayamba ntchito ya Debian LTS, yotalikitsa nthawi yomwe mtundu wakale umalandira zigamba za chitetezo kufika zaka zisanu. Gawo lalikulu la ntchitoyi limalipidwa kudzera mu Freexian, kampani ya ku France ya a Raphaël Hertzog, omwe nawonso adali m'gulu lotsogolera Dunc-Tank. Makampani odalira Debian amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, akatswiri amalipidwa potengera maola, ndipo malipoti a ntchito yogwiridwa amafalitsidwa poyera. Dongosololi lakhala zaka zoposa khumi popanda mkangano wofanana ndi wa 2006. Kusiyana kwake n'koonekeratu: kusamala mapulogalamu akale ndi ntchito yotopetsa yomwe odzipereka ochepa okha amaifuna, opereka ndalama ali kunja, ndipo utsogoleri wa Debian susankha wolandira.

M'zaka zimenezi funso lenilenilo lidatembenuka. Chibowo cha Heartbleed cha mu Epulo 2014 chidaonetsa kuti OpenSSL, yomwe imateteza mauthenga ambiri a pa intaneti, inkasamalidwa ndi anthu owerengeka chabe. Mu Marichi 2024, a Andres Freund adatulukira khomo lachinsinsi loikidwa mwadala mu pulogalamu ya xz, litalowa kale m'mitundu yoyesera ya Debian. Amene adaliika adayamba wadzionetsa ngati mthandizi kwa wosamalira pulogalamuyo, yemwe ankagwira ntchito yekha, mosalipidwa, atatopa. Maboma ena adayamba kuona mapulogalamuwa ngati misewu ndi milatho: mu 2024, thumba la boma la Germany lotchedwa Sovereign Tech Fund lidapereka mayuro 686,400 ku ntchito ya FreeBSD.

Pali mbali ina yomwe otsutsa a mu 2006 sadaiganizire mokwanira. Kudzipereka kumafuna nthawi, magetsi odalirika ndi intaneti yotchipa. Katswiri wachinyamata wa ku Lusaka, Blantyre kapena Tete, yemwe amagula yekha intaneti ndipo abale akumudalira, sangapereke maola khumi pa sabata kwaulere ngati mnzake wa ku Berlin wa malipiro okhazikika. Lamulo loti aliyense agwire popanda malipiro limaoneka losakondera, koma limasankha mwakachetechete amene angalowe. Akatswiri ambiri a Debian akadali a ku Ulaya ndi ku North America, ndipo msonkhano wake wapachaka wa DebConf udafika koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, ku Cape Town, gululi litatha zaka zoposa makumi awiri.