Galimoto Yozima Ikatentha

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Balaka ndi ku Liwonde limaulula matenda onse amene galimoto yakale inabisa m'nyengo yachisanu. M'mawa imalira bwino niyenda mwaulemu. Koma pofika masana, mukangochotsa phazi pamafuta imayamba kunjenjemera ndi kutsokomola, kenaka zii. Mukadikira theka la ora pansi pa mtengo ndi kuiliza, imalira ngati sinalakwepo kanthu.

Ife zinationekera chaka chatha, titanyamula mayi wodwala pa pikapu yathu yakale kuchokera ku Ulongwe kupita naye kuchipatala ku Zomba. Inazima titachepetsa liwiro pa mlatho wa Shire ku Liwonde, inazimanso pa chitunda chokwera ku Machinga boma. Mayiyo anatsiriza ulendo pa minibasi. M'mawa mwake makaniko wina anaimvetsera injini ili yozizira, osapeza kanthu, komabe anatigulitsa mapulagi anayi. Sabata yotsatira tinagula pampu ya petulo. Matenda anali pomwepo.

Kulakwa kwathu kunali kuonetsa wodwala kwa dokotala pa nthawi imene malungo atsika. Vuto lobwera ndi kutentha liyenera kufufuzidwa injini ikadali yotentha, pamalo pomwe yazimirapo, pakuti ikangozizira umboni wonse umathawa.

Yambani ndi moto. Zulani waya wa pulagi imodzi, mulumikizeko pulagi yapadera, muigoneke pa chitsulo cha injini osaigwira ndi dzanja, ndipo mnzanu alize sitata. Moto wabwino umathetheka wobiriwira. Ukasowa, kapena ukaoneka wofiira ndi wofooka, koma nubwerera injini itazizira, kayikirani koyilo kapena kondensa. M'kati mwa koyilo muli waya woonda ngati tsitsi, wozengedwa maulendo zikwizikwi. Akakalamba, kutentha kumamlekanitsa pamene anayamba kuduka, ndipo akazizira amagundananso.

Moto ukakhalapo, tembenukirani ku mafuta, ndipo apa m'pamene eni galimoto za kabuleta, monga Peugeot 404, Datsun ndi Land Rover zakale, ayenera kutchera khutu. Petulo sachedwa kusanduka nthunzi. Dziko lino linayamba mu 1982 kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Ethanol amawira pa madigiri 78, pamene injini imagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 90, ndipo petulo wosakaniza amauluka msanga kuposa wosasakaniza. Sitikunyoza ethanol ayi, pakuti wapulumutsa ndalama zambiri zakunja. Tikungoti paipi yodutsa pafupi ndi ekizozi ikatentha, mafuta amawira m'kati mwake, ndipo pampu imene inapangidwira kukoka zamadzimadzi imalephera kukoka nthunzi. Galimoto ikamathamanga mphepo imaziziritsa paipiyo. Ikaima pa mzere kapena ikamakwera chitunda pang'onopang'ono, mphepo palibe. Kuyesa kwake n'kosavuta: nyowetsani nsanza ndi madzi, mukulunge pampu ndi paipi. Injini ikalira patangopita mphindi zochepa, mwampeza mdani. Tsegulaninso chivindikiro cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu, kabowo kopumira katsekeka.

Achinyamata, tikupemphani zinthu ziwiri. Musathire petulo kukamwa kwa kabuleta mnzanu akuliza sitata, chifukwa lawi limabwerera kumaso. Musatsegulenso chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha, pakuti madzi a m'menemo amapitirira madigiri 100 ndipo amatumphuka.

Nanga kunjenjemera kuja galimoto ikaima chilirire? Onani utsi. Utsi wakuda ndi mapulagi a mwaye zimasonyeza kuti mafuta achuluka, ndipo kawirikawiri choki sinatseguke. Ngati mukumva kamluzu pafupi ndi kabuleta, kapaipi ka mphira kang'aluka ndipo kakulowetsa mpweya wosafunika. Mavalavu omangidwa mothina nawonso amaleka kutseka bwino chitsulo chikafutukuka.

Galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan zilibe kabuleta, koma matendawa sizinawathawe. Kompyuta yake imadalira sensa yoiuza kutentha kwa madzi. Sensayo ikanama kuti injini ikadali yozizira, kompyuta imathira mafuta ambiri ndipo injini imatsamwa. Sensa ina yowerenga kuzungulira kwa injini imafa ikatentha niuka ikazizira. Zoterezi n'zofunika makina oyezera, osati sipanala. Ndipo chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti kuno n'kotentha kale sitigwirizana nacho: chimangobisa rediyeta yotsekeka, ndi kusokoneza kompyutayo.

Pikapu yathu inachira m'manja mwa mnyamata wina wa ku Balaka, amene anakana kuigwira m'mawa. "Bambo, tiyeni tiiyendetse mpaka ife," anatero. Inafera pa msewu wa ku Ntaja nthawi ya 1 koloko masana. Moto unalipo. Ataika nsanza yonyowa, inalira. Atasuzumira pansi anapeza kuti amene anawotcherera ekizozi miyezi ya m'mbuyo anachotsa kalata kotchinga kutentha, osakabwezera. Anadula chidutswa cha lata, nachimanga ndi waya, nasunthira paipi kutali pang'ono. Mayi uja anatuluka m'chipatala patapita masabata awiri, ndipo tinakamtenga pa pikapu yomweyo, masana. Mapulagi akale aja ndi pampu yake zikadali m'kabati, zabwinobwino.