Insulin si ya kubayira ku toileti

Asisi, tonse tikumudziwa mtsikana uja amene nthawi ya chakudya ikakwana amanyamula chikwama n'kunena kuti "ndikubwera," kenako n'kukadzibaya insulin ku toileti mobisa. Ena mwa ife ndife amene. Timabisa chifukwa wina akaona sirinji amati ndife a mankhwala ozunguza bongo, pomwe azakhali amati "usamuuze mwamunayo za shugayi, akusiya."

Manyazi amenewa akutipweteka. Munthu wapaphuma, woopa kuti wina agogoda chitseko, ndi amene amalakwitsa mayunitsi. Ndipo insulin ikachuluka shuga amatsika kwambiri mpaka munthu kukomoka. Kubaya bwino kumafuna malo oyera, kuwala ndi mtima wodekha.

Ndiye tikumbutsane. Tisambe m'manja ndi sopo. Sirinji ikhale yatsopano, yosatsegula, ndipo nambala yake ifanane ndi ya pa botolo: insulin ya U-100 imayenda ndi sirinji ya U-100 basi. Ngati insulin ndi yoyera ngati mkaka, tiigudubuze pang'onopang'ono m'manja, osaikhutchumula. Tikoke mpweya wofanana ndi mayunitsi amene adokotala anatiuza, tiulowetse m'botolo, titembenuze botolo n'kukoka mankhwala. Timathovu ta mpweya tikaoneka, tigogode sirinji ndi chala kuti tikwere, n'kutitulutsa. Tibaye pamimba kapena pantchafu, tizisinthasintha malo kuti khungu lisachite zotupa zolimba zimene zimalepheretsa mankhwala kulowa bwino.

Kubwerekana singano ayi, olo ndi mchemwali wathu weniweni: HIV ndi hepatitis B zimadutsira pomwepo. Yogwiritsa kale ntchito tiiponye m'botolo lolimba la pulasitiki la chotsekera, osati m'bini momwe ana ndi otola zinyalala amapisamo manja.

Tikudziwa, ena akuti "zatsopanozo tizitenga kuti, ndalama zake ziti?" Funso limenelo ndi loona, ndipo wolakwa si mtsikana amene akubwereza singano yobuntha. N'chifukwa chake tikunena kuti amene akupereka insulin apereke ndi masirinji okwanira, ndipo masukulu ndi maofesi akhale ndi kachipinda koyera kobayira.

Pa 14 November ndi tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, koma ife sitidikira tsikulo. Mnzathu akatulutsa sirinji, timusunthire mpando, timuyatsire tochi ya foni ngati magetsi azima. Asapitenso ku toileti.