Aluso athu ayambe kunena za mafuta a m'nyanja paipi isanakwiriridwe

Tsiku lina mafuta atasowa mu Lilongwe, ndinaperekeza malume anga pa mzere wa petulo. Malumewo amayendetsa kabaza wa njinga yamoto kuno ku Kawale, ndiye tsiku lopanda mafuta ndi tsiku lopanda ndiwo pakhomo. Tinafika kusanache, tinachoka dzuwa litapendeka. Tili pamzerepo bambo wina anakuwa kuti, "Si akuti m'nyanja mwathu muli mafuta? Akumbe basi, tatopa!" Tonse tinavomera, ndi ine ndemwe.

Nditafika kunyumba ndinadzifunsa kuti ndavomera chiyani kwenikweni. Ndinapeza kuti zimene ndimadziwa za nkhaniyi zinali zochepa kwambiri, ngakhale ndine mwana wa pa yunivesite. Ndikuona kuti oimba, ojambula, alakatuli ndi a zisudzo athu ali ndi ngongole kwa anthu a pamzere aja, ndipo nthawi yabwino yoibweza ndi ino pamene chitsime ngakhale chimodzi cha mafuta chisanayambe kupopa.

Boma linagawa dziko lino m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta, ndipo zina mwa izo zili m'Nyanja ya Malawi. Mu 2011 kampani ya ku Britain, Surestream Petroleum, inapatsidwa chilolezo cha zigawo ziwiri za kumpoto kwa nyanjayi. Chaka chotsatira mkangano wa malire ndi dziko la Tanzania unabukanso. Mapangano ena ogawana phindu anasainidwa patangotsala masiku ochepa kuti chisankho cha 2014 chichitike, ndipo boma latsopano linaimitsa kaye zilolezozo kuti liziunike. Zonsezi zinalembedwa m'Chingelezi cha maloya. Msodzi wa ku Nkhata Bay kapena mayi wogulitsa usipa mumsika wa Kawale sanawerenge ngakhale tsamba limodzi.

Komatu nyanja imene tikunenayi si dziwe wamba. Ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO linaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Pamalo pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi. Tanthauzo lake n'lakuti chonyansa chikalowamo chimakhalitsa kwa mibadwo. Shire yemweyo ndi amene amatipatsa magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndipo ife a mu Lilongwe tisaganize kuti zili kutali, poti ntchito yokoka madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima kudza mumzinda uno cholinga chake n'chakuti madzi omwewo adzatuluke pa mipope yathu. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mafuta akatayikira m'madzi ndiye kaya.

Anzathu a m'maiko ena anaziona kale. Ku Nigeria, mlembi Ken Saro-Wiwa anali wodziwika ndi sewero loseketsa la pa wailesi yakanema lotchedwa Basi & Company. Ataona mitsinje ndi minda ya anthu a mtundu wake, a Ogoni, itada ndi mafuta otayika m'mapaipi, anagwiritsa ntchito cholembera ndi dzina lake kuwalankhulira. Boma la asilikali la Sani Abacha linamupachika pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu pa 10 November 1995. Mu 2011 nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe inanena kuti kuyeretsa dera la Ogoni kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Ku America, mu 2016, anthu a mtundu wa Sioux a ku Standing Rock anakana paipi ya Dakota Access yodutsa pansi pa mtsinje wa Missouri, umene amamwa. Mmisiri wina wobadwira komweko, Cannupa Hanska Luger, anaphunzitsa anthu kupanga zishango za matabwa zomatidwa chinthu chowala ngati galasi, kuti wapolisi akamayandikira azidziona yekha nkhope. Paipiyo inamalizidwabe mu 2017. Luso silinaiimitse, koma dziko lonse linadziwa kuti pali eni madzi amene sanavomere. Pafupi nafe pano, paipi ya EACOP ya makilomita 1,443 inayamba kumangidwa kuchokera ku Hoima m'dziko la Uganda kukafika ku doko la Tanga ku Tanzania, ndipo ophunzira anzathu ku Kampala akhala akumangidwa chifukwa choitsutsa.

Tsono ife sitikusowa kubwereka zida za ena. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, wakhala akudzudzula zachilendo kuyambira kale. Azungu ndi amishoni atabwera, pabwalo panatuluka Simoni wa nkhope yofiira ndi Maria. Galimoto itabwera, nayonso inatuluka pabwalo ngati chilombo. Amene anapitako ku Chamare Museum ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, anaona yekha kuti zilombo zambiri zimanyamula mwambo wokhudza dyera, ufumu woipa ndi khalidwe. Gule amatha kuuza mfumu zoona ili chikhalire pampando pake, anthu n'kumaseka koma akumva.

Pa nkhani yosamala nyanja, makolo analinso ndi malamulo awo. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja kwa zaka zambirimbiri kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Lamulo limeneli silinachokere ku likulu. Ndi nzeru imene woimba kapena wojambula kanema angaiike patsogolo n'kufunsa kuti, kodi anthu amene asunga nsomba motere adzafunsidwa tsiku logawa nyanja?

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo si zopanda nzeru. Dziko lino lilibe doko. Mafuta athu amabwera pa mathanki kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amadya ndalama zakunja zimene tilibe. Anzathu a ku Zambia ali ndi paipi ya TAZAMA kuyambira 1968. Munthu amene wagona pamzere masiku awiri ukamuuza za tinsomba ta mbuna akhoza kukuyesa wamwano. Ine sindikunena kuti aluso onse aimbe nyimbo imodzi yokana mafuta. Wina akhoza kuwavomera. Chimene ndikukana ndi kuvomera kwa pamzere kuja, kwa munthu wotopa amene sanauzidwe mtengo wake. Ngakhale mafutawo atapezeka, sakatuluka m'nyanja n'kulowa m'thanki ya malume. Ayenera kuyengedwa kaye, ndipo ife tilibe fakitale yoyengera. Nigeria yakhala ikukumba mafuta kwa zaka zoposa 60 koma anthu ake aimapo pa mizere ya petulo ngati ife.

Pali chenjezo limodzi kwa anzanga ophunzira. Chikhalidwe chisasanduke chokongoletsera mapulojekiti. Taona kangati gule akuitanidwa kudzavina mphindi khumi pa msonkhano wa ku hotelo, alendo n'kujambula zithunzi, kenako zokambirana n'kupitirira m'Chingelezi eni gulewo atatuluka? Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe ndi malamulo ake. Ngati chilombo cha mafuta chidzatuluke pabwalo, atulutse ndi eni dambwe atamvetsa nkhaniyo. Ntchito yathu ife odziwa kuwerenga malipoti ndi kutenga zimene zili m'mapepalamo n'kukazifotokoza m'Chichewa, m'Chitonga, m'Chiyao, m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde, kenako n'kukhala pansi kumvetsera.

Aluso a dziko lino analankhulapo pa nthawi yovuta kuposa ino. Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ife lero tili ndi masitudiyo m'tizipinda ta ku Biwi ndi ku Area 23, tili ndi mafoni ojambula, tili ndi mabwalo a ndakatulo ndi makoma opanda kanthu. Amene muli ndi gulu la zisudzo pa koleji, lembani sewero la mfumu ya m'mbali mwa nyanja imene yalandira kalata ya kampani yosawerengeka, mukalionetse pamsika osati mu holo mokha. Amene mumaimba, pitani ku Senga Bay mukacheze ndi asodzi musanalowe mu situdiyo. Ine ndayamba ndi malume. Ndinawafotokozera za Shire ndi za Ogoni, ndipo anandiyankha kuti mafuta akuwafunabe, koma akufuna adziwe kaye amene adzalipire nsomba zikadzafa.