A Naphiri ndi ambiri, musangotola aliyense n'kuti ndi agogo anu

Asisi, ambirife tikhoza kutchula dzina la agogo athu aamuna, mudzi wawo, ngakhale mgodi umene anakagwirako ku Joni. Koma wina atifunse dzina lenileni la mayi amene anabereka agogo athu aakazi, timangoti kukamwa yasa. "Ankangowatchula kuti a Naphiri." Basi.

Si kuti ndife osasamala ayi. Mkazi mmodzi ankatha kukhala ndi maina angapo: la ubwana, lina lopatsidwa kuchinamwali, la mfunda monga Naphiri kapena Nabanda, la ubatizo monga Esitere, kenako "amake Uje". Boma la atsamunda linkalemba anthu pofuna msonkho, Wenela inkalemba amuna opita kumigodi. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza kwa Amalawi tonse mu 2015, dzulodzuloli. Ndiye musayembekezere kupeza satifiketi yakubadwa ya agogo.

Komabe amayiwa sanasoweretu. Yambani ndi mabuku a mpingo: a ubatizo, a ukwati ndi a mamembala. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Mvera mu 1889, ya Mua mu 1902, ndipo amishoni ankakonda kulemba. Ku Zomba kulinso National Archives, kosungira zolemba zakale, ngakhale kuti moto wa mu 1919 unatentha zikalata zambiri za boma za zaka zam'mbuyo.

Apa ndi pamene ndikufuna timvane. Kupeza "Esitere Naphiri" m'buku si umboni. A Esitere Naphiri analipo ambirimbiri. Mtima umathamanga, misozi imalengeza, koma dekhani. Musanati "ndi awa", zinthu zitatu zigwirizane.

Choyamba, mudzi ndi mfumu yake. Chachiwiri, anthu owazungulira: mwamuna wawo, ana, mboni za ukwati. Chachitatu, nthawi. Achikulire samawerengera zaka ndi manambala, amawerengera ndi zochitika. Ngati akuti mayiwo anali kale ndi mwana kumbuyo pa njala ya 1949, ndiye kuti Esitere amene anabatizidwa ali khanda mu 1945 si iwowo. Kumbukiraninso kuti chaka cha ubatizo si chaka chobadwa, chifukwa ambiri ankabatizidwa ali akuluakulu atatha kalasi. Kalembedwe kasakusokonezeni: Esther, Estere ndi Esitere akhoza kukhala munthu mmodzi.

Ena amati pepala silinama. Limanama ndithu, makamaka ngati wolembayo anali mlendo wongomva dzina ndi khutu. Ena amati zonena za agogo n'zokwanira. Nawonso amatha kuphatikiza anthu awiri kukhala mmodzi, poti kwathu kuno dzina limalowedwa. Buku liyese zonena za agogo, agogo ayese za m'buku. Zikapanda kugwirizana, lembani kuti "sizinatsimikizike". Palibe manyazi pamenepo.

Chifukwa chiyani kuvutika chonchi? Kumadera a chikamwini, munda ndi malo zimatsata mzere wa amayi. Tsiku lina mkangano ukafika kubwalo la amfumu, funso lidzakhala lakuti: iwe ndiwe mdzukulu wa ndani? Dzina lolakwika likangolowa pagulupu ya WhatsApp ya banja, m'zaka zochepa limasanduka choonadi, ndipo mayi weniweni uja amafufutika kachiwiri, ulendo uno ndi manja athu omwe.

Choncho ulendo wotsatira wopita kumudzi, musangotenga shuga ndi sopo. Khalani pamkeka ndi agogo kapena azakhali, tsegulani foni, apempheni chilolezo chojambula mawu. Funsani maina onse, mudzi wobadwira, tchalitchi chomwe ankapemphera, ana onse ngakhale omwe anamwalira ali aang'ono. Kenako pitani kwa abusa kapena kwa bambo mfumu mukapemphe kuona mabuku. Mabuku akhoza kudikira pang'ono, koma agogo sadzakhalapo mpaka kalekale.