Galu akafa usiku, tisathamangire kuloza aneba

Mu Matero, mu Chawama, mu George, agalu akuluakulu aculuka. Anyamata agula German Shepherd, Rottweiler kapena Boerboel, amujambula, amuika pa Facebook. Ndiye tsiku lina m'mawa galu apezeka wauma, mimba itatupa, ndipo mlandu ugwera aneba: anamupatsa poizoni. Anthu aleka kupatsana moni, ena afika mpaka kupolisi.

Poizoni aliko mu komboni, sindikana. Koma kuli matenda amene amapha galu wamkulu usiku umodzi cabe popanda dzanja la munthu. Madotolo a ziweto amawacha GDV. Cifu cimadzaza mpweya, kenako cimapotoka monga thumba lomangidwa mbali zonse ziwiri. Mpweya sutuluka, magazi sayenda bwino, ndipo m'maola ocepa galu wapita. Matendawa amakonda agalu aakulu a cifuwa cakuya, makamaka amene amadya kamodzi patsiku, mbale yodzaza, mothamanga. Ndiye onani mmene timadyetsera: tsiku lonse galu ali pa cheni ndi njala, madzulo timukhuthulira beseni ya nsima yotsala, akangomaliza timumasula kuti azithamanga mu yadi.

Mankhwala oletseratu kulibe, koma opareshoni iliko. Dzina lake ndi gastropexy. Dotolo amasokerera cifu ku khoma la mimba, mbali ya kumanja, kuti ngakhale citupe cisapotoke. Njira yakale ndi kung'amba mimba. Njira yatsopano ndi kuboola timabowo tiwiri kapena titatu, kulowetsa kakamera ndi tizida, dotolo n'kumagwira nchito akuyang'ana pa sikirini. Bala limakhala laling'ono ndipo galu amacira msanga. Makina ake ndi odula, inde, koma njira zonse ziwiri zimateteza, ndipo galu wamkazi angasokedwe tsiku lomwelo limene akumutseka kuti asabale.

Ena anena kuti, ife tivutika kulipira renti, iwe ukamba za kamera m'mimba ya galu? Funso labwino. Amene ali ndi kagalu kathu ka m'komboni asavutike mtima, agalu aang'ono sagwidwa kawirikawiri. Iye akumbukire cabe katemera wa ciwewe. Ine ndikamba ndi iwe amene unapeza ndalama zogulira Boerboel. Unagula ciweto cimene cili ndi matenda akeake, ndipo kufunsa dotolo za opareshoni iyi kunayenera kukhala mu bajeti pamodzi ndi cheni ndi cakudya. Nanga ogulitsa ana a agalu? Amadziwa kucemerera kukula kwa mutu wa tate wake, koma sanena ngati mayi kapena tate anatupapo mimba, pamene matendawa amayenda m'mtundu.

A ku Kalingalinga ndi Mtendere alibe cowiringula. Samora Machel School of Veterinary Medicine ili pa UNZA pomwepo, ndipo ili ndi kiliniki ya ziweto.

Zina sizifuna ngakhale ngwee. Gawa cakudya kawiri kapena katatu patsiku, ndipo akadya musiye apume. Ukaona galu akuyesa kusanza koma sikutuluka kanthu, dovu likucuca, sakhazikika, mimba yalimba monga ng'oma, usamumwetse mkaka kapena saladi monga ticitira tikaganizira poizoni. Funa galimoto nthawi yomweyo upite naye kwa dotolo, ngakhale ndi 23:00.